Zimene Miyala ya ku Athens Inandiphunzitsa: Nkhani Yokambidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Ambiri a inu mukukumbukira chithunzi cha kachisi wopanda denga chimene chinali m'buku lathu la mbiri yakale. Ine ndinkaganiza kuti kachisiyo anagumuka ndi ukalamba basi. Koma pamene ntchito ya boma inanditengera ku Athens, likulu la dziko la Greece, ndinapeza kuti ndinkalakwa.

Kachisiyu dzina lake ndi Parthenon, ndipo ali pamwamba pa phiri la mwala lotchedwa Acropolis, pakati penipeni pa mzindawo. Anayamba kumumanga m'chaka cha 447 Yesu asanabadwe, mu nthawi ya mtsogoleri wawo Pericles, ndipo ntchito yonse inatha m'chaka cha 432. Anamumangira mulungu wawo wamkazi Athena. Miyala yake yoyera ya nsangalabwi ankaifukula ku phiri la Pentelicus, mtunda wa makilomita ngati 16, ndipo kunja kwake kunazungulira nsanamira 46.

Chodabwitsa ndi chakuti kachisiyu anakhala chiimire zaka zoposa 2,000. Akhristu anamusandutsa tchalitchi, ndipo ufumu wa Ottoman wa ku Turkey utalanda mzindawu anakhala mzikiti, koma makoma ndi nsanamira zinalipobe. Tsoka linagwa pa 26 September 1687. Asilikali a Ottoman anasungamo onga wa mfuti, adani awo a ku Venice anaombera mzinga, ndipo ongawo unaphulika n'kugwetsa pakati ponse pa kachisiyo.

Chachiwiri chinachitika kuyambira m'chaka cha 1801. Lord Elgin, kazembe wa Britain ku ufumu wa Ottoman, anatuma anthu ake kukachotsa zosema zambiri, zina pochita kudula ndi masowo. M'chaka cha 1816 anazigulitsa ku boma la Britain pa mtengo wa mapaundi 35,000, ndipo mpaka lero zili ku British Museum ku London. Agiriki akhala akupempha kuti zibwerere kwawo, makamaka kuchokera pamene Melina Mercouri anakhala nduna ya zachikhalidwe m'chaka cha 1981.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri, ine ngati wogwira ntchito m'boma, ndi chachitatu, chifukwa amene anaononga ulendo uno sanali adani. Amisiri akale ankalumikiza miyala ndi zitsulo, koma chitsulo chilichonse ankachikuta ndi mtovu kuti madzi asachifike. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, injiniya Nikolaos Balanos anapatsidwa ntchito yokonzanso kachisiyu. Cholinga chake chinali chabwino, koma zitsulo zimene anaika sanaziteteze monga ankachitira akale aja. Mvula italowa, zitsulozo zinachita dzimbiri, zinafufuma, ndipo zinayamba kung'amba miyala imene zinayenera kuigwira. Paja mawu a akulu akoma akagonera. Kuyambira m'chaka cha 1975 akatswiri akhala akuphwasula mbali zina mwala umodziumodzi, kuchotsa zitsulo zadzimbiri ndi kuikamo titaniyamu amene sachita dzimbiri. Ine ndinapeza makina onyamulira miyala ali chiimire pambali pa nsanamira, ntchito ikupitirira.

Tsono anzanga, amene mudzapeze mwai wopitako, ndikulangizeni motere. Kwerani phirilo m'mamawa, chifukwa dzuwa la kumeneko nthawi yotentha silichitira munthu chisoni, ndipo m'chaka cha 2023 boma linaika malire a anthu 20,000 patsiku. Valani nsapato zogwira pansi, pakuti miyalayo inaterera ndi mapazi a anthu. Pafupi ndi Parthenon pali kachisi wina wamng'ono, Erechtheion, amene khonde lake lachirikizidwa ndi zifaniziro za akazi 6. Dziwani kuti zimenezo ndi zoumba chabe zofanizira zenizeni.

Mukatsika, lowani mu Acropolis Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'chaka cha 2009. Kumeneko mudzaona akazi enieni aja ali 5, ndi malo amodzi opanda kanthu, a mnzawo amene ali ku London. M'chipinda chapamwamba anayala zosema za Parthenon monga zinalili pa kachisi, ndipo pamene pakusowa chenicheni anaikapo choumba choyera mbee, kuti aliyense aone ndi maso zimene zinatengedwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Nditabwerera ku ofesi, ndinayamba kuona mafailo okonzanso nyumba za boma ndi maso ena. Lero ndisanasaine, ndimayamba ndafunsa kuti amene anamanga poyamba anamanga bwanji, ndipo chifukwa chake chinali chiyani. Ambiri mwa ife pano tili ndi udindo pa chinthu chimene sitinamange ndife, kaya sukulu, chipatala kapena tchalitchi. Ndikupempheni kuti funso lomweli mudzifunsenso inu musanagwetse kapena kukonza.