Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wopereka masatifiketi kwa achinyamata ophunzira zamagetsi ku Sakubva, mumzinda wa Mutare

 Ndiyankhula m'chinenero cha agogo athu, amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mulanje kudzagwira ntchito ku njanji, m'minda ya tiyi ndi kocheka matabwa m'dziko lino. Ena a iwo anakalambira muno mu Sakubva. Ntchito yawo inali yosenza ndi kukoka. Lero zidzukulu zawo zaphunzira kulamula makina, ndipo ine ndakondwa kwambiri.

Makolo, ana anuwa akamati PLC akunena kabokosi kamene kamakhala m'bokosi la magetsi m'fakitale. Kamamva ngati thanki yadzaza kapena ngati uvuni woumitsira matabwa watentha mokwanira, kenako kamazimitsa pampu, kutseka valavu, kuyendetsa lamba. Timabokosi toyamba tinapangidwa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene kampani ya magalimoto ya General Motors inatopa ndi kumasula mawaya nthawi iliyonse ikasintha mtundu wa galimoto. Mu 1979 kampani ya Modicon inatulutsa njira yoti timabokositi tizilankhulana, yotchedwa Modbus, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Kulumikiza makinawa pa netiweki ndi chinthu chabwino, ndipo ine ndili kumbali yake. Makina akaima m'mafakitale a ku Nyakamete, katswiri wake nthawi zambiri amakhala ku Harare, makilomita oposa 260 kuchoka pano, mwinanso ku Johannesburg. Kale munkadikira masiku, antchito ali khale, katundu akuwonongeka. Lero katswiriyo angathe kuona vutolo pa kompyuta yake ola lomwelo. Mwini fakitale angadziwe magetsi amene wagwiritsa ntchito, ndi mota imene yayamba kutentha isanapse. M'dziko limene zipangizo zosinthira zimagulidwa ndi ndalama zakunja, kudziwiratu koteroko kumapulumutsa ntchito za anthu.

Koma ana anga, mvetsetsani apa. Modbus inapangidwa nthawi imene aliyense wofika pa chingwe anali wa m'fakitale momwemo. Choncho simafunsa kuti wolamula ndani. Uthenga ukafika woti pampu izime, pampu imazima, kaya wautumiza ndi injiniya wanu kaya munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sanamvepo za Mutare. Kulumikiza PLC mwachindunji ku intaneti kuli ngati kuchotsa chitseko cha nyumba yoyang'ana ku msika wa Sakubva, n'kumati palibe adzalowe poti sakukudziwani. Pali mawebusaiti, monga Shodan, amene usana ndi usiku amafufuza makina osatsekedwa otere n'kuwaika pamndandanda.

Izi zinachitikapo kale. Mu Novembala 2023, ku tauni ya Aliquippa ku Pennsylvania, anthu analowa m'makina a Unitronics oyendetsa pampu ya madzi. Makina a mtunduwo ankachoka kufakitale ali ndi pasiwedi yoti 1111, ndipo m'malo ambiri palibe anaisintha. Pa 23 Disembala 2015 ku Ukraine, anthu olowa pa netiweki anazimitsa magetsi a makasitomala pafupifupi 225,000 m'nyengo yozizira kwambiri. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za madzi athu ochokera ku Pungwe ndi ku Odzani, ndi paipi ya mafuta yochokera ku Beira kufika ku Feruka. Mawa lino, ena mwa inu ndinu mudzapatsidwe makiyi a malo ngati amenewo.

Ndiye mukapita ku ntchito, netiweki ya makina ikhale payokha, ya ku ofesi payokha, pakati pake pakhale firewall yololeza zokhazo zimene mwalemba kuti zidutse. Kompyuta imene mlembi amatsegulira maimelo isakhale ndi njira yofikira ku boila. Katswiri wakutali azilowa kudzera pa njira yotetezedwa ya VPN, ndi dzina lakelake, pa nthawi imene mwagwirizana, ndipo akamaliza mutseke. Ndikudziwa mmene zimakhalira: ndi Lachisanu madzulo, bwana akukalipa, wina akuti tingolumikiza kamodemu ka foni kwa lero lokha. Kamodemu kameneko kamatha zaka kali pomwepo, aliyense ataiwala. Kanani mwaulemu, koma kanani. Ndipo musanyozere kafulashi ka m'thumba. Pulogalamu yoipa ya pakompyuta yotchedwa Stuxnet, imene inadziwika mu 2010, inawononga makina a ku Natanz ku Iran olamulidwa ndi ma PLC a Siemens, pamalo amene sanali pa intaneti n'komwe.

Chimene chinapulumutsa anthu ku Aliquippa ndi ku Ukraine ndi chimodzi: panali antchito odziwa kuyendetsa makina pamanja. Anapita okha kumalo, n'kutembenuza maswichi. Pachifukwa ichi ndikukupemphani kuti mukapeza bambo wachikulire amene wayendetsa makina amenewo zaka zambiri, amene amamva ndi khutu kuti pampu yadwala, mukhale naye pansi akuphunzitseni. Musachotse swichi yapamanja poti pabwera kompyuta. Sungani kope la pulogalamu ya PLC iliyonse m'kabati yokhoma, mulembepo tsiku.

Kwa inu eni mafakitale, pempho langa ndi ili: atengeni anawa akaphunzire ntchito kwa inu, atsikana pamodzi ndi anyamata. Aloleni ayende ndi kope m'manja, alembe makina aliwonse ndi kumene chingwe chake chapita. Ambiri mudzadabwa ndi zimene adzapeze kuseri kwa mabokosi anu.

Mayi wapampando, ndakonzeka kupereka masatifiketi.