Kuoneratu Zotsatira za Ndondomeko ya Nyumba

Ndondomeko ya nyumba siithera pa khoma ndi denga. Zomangira zikasintha, nkhalango, mtsinje, thanzi la ana ndi ntchito za amayi zimakhudzidwanso, ndipo zambiri mwa zimenezi sizioneka kwa munthu amene akulemba ndondomekoyo ali mu ofesi. N'chifukwa chake pali njira yoti eni mudzi, amisiri ndi alangizi akhale pansi limodzi maziko asanakumbidwe, n'kujambula mmene chinthu chimodzi chimakokera chinzake.

Ntchitoyi sifuna zambiri. Pabwalo amaika mwala kapena chitsononkho kuimira chinthu chilichonse chimene chatchulidwa: malata, njerwa, mitengo, udzudzu, ngongole. Kenako amalemba mizere ya phulusa kusonyeza chimene chikuyambitsa chinzake. Funso lake ndi limodzi, lobwerezedwabwerezedwa: zikatero, chotsatira n'chiyani, ndipo chigwera ndani?

Chitsanzo chabwino ndi pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene boma linayamba mu 2014. Cholinga chake chinali chomveka: banja losauka lisiye kumweta udzu chaka ndi chaka, lizigona m'nyumba yosadontha. Koma mzere ukatsatidwa bwino umafika kutali. Wopeza malata amafuna khoma la njerwa zootcha. Uvuni umadya mitengo ikuluikulu, ndipo mitengo ikatha amayi amapita kutali kukatola nkhuni. Maenje okumba dothi amasunga madzi m'dzinja, udzudzu n'kuswana pafupi ndi khomo. Phiri likayera, madzi amvula amatsika mwaliwiro n'kugumula nyumba zomwe zija. Mzere umene wabwerera pomwe unayambira ndi wofunika kuuyang'anitsitsa kuposa ina yonse, chifukwa vuto lake limadzikulitsa lokha. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, koma m'midzi uvuni ukuyakabe, popeza mabuloko a simenti ndi okwera mtengo.

Ngakhale kukonza kwabwino kumakhala ndi mbali yake ina. Kutseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga kumachepetsa udzudzu wolowa m'nyumba. Koma nyumba ya malata yotsekedwa chotero, yopanda mawindo okwanira, imatentha kwambiri mu Okutobala, anthu n'kumagona panja opanda neti. Amene akudziwa izi ndi mayi wogona ndi khanda m'nyumbamo; choncho ndi bwino kuti amayi, achinyamata ndi oumba njerwa ayambe kujambula paokhapaokha asanakumane pamaso pa amfumu, pamene ena amachita manyazi kulankhula.

Kusamutsa anthu n'kumene kumafuna chidwi chachikulu. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 atawononga midzi, mabanja ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa analimbikitsidwa kupita kumtunda. Ena amabwerera kumadambo, osati chifukwa chosamva, koma chifukwa kumeneko n'kumene kuli madimba, nsomba, manda a makolo ndi ufumu wawo. Nyumba yatsopano yopanda munda ndi mjigo pafupi siisunga munthu.

Chojambulacho chikatha, gulu limasankha mizere iwiri kapena itatu imene ingathe kudulidwa msanga, monga kudzala mitengo yakeyake ya uvuni, kukwirira maenje, kapena kupeza minda anthu asanasamuke. Mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi amachikopera papepala, n'kuchitumiza ku khonsolo ya boma. Mvula ikatha anthu amakumananso kuti afufute mizere imene sinachitike ndi kuonjezera imene palibe anaiganizira.