Mitsempha Yotupa ya M'miyendo

Ndikufuna tikambe za chinthu chimene ambiri a ife timabisa pansi pa chitenje: mitsempha yotupa yokhotakhota m'miyendo.

Magazi akatsikira ku mapazi ayenera kukweranso kupita ku mtima. Poyenda, akatumba amafinya mitsempha ndi kukankha magaziwo. M'kati mwa mitsempha muli tizitseko totseguka mbali imodzi yokha, kuti magazi akakwera asabwerere. Tizitsekoti tikafooka, magazi amadikha ndipo mtsempha umatupa. Mimba zambiri zimatifooketsa, chimodzimodzinso kuima tsiku lonse pa thandala la usipa ku Senga Bay. Dzuŵa la Okutobala limangowonjezera kulemera kwa miyendo.

Zimene tiona pa khungu sizinena zonse. N'chifukwa chake adokotala amaunika ndi sikani, makina a mtundu womwe uja ounikira amai oyembekezera. Palibe jekeseni, palibe kucheka. Koma apa simugona ai, mumaimirira, pakuti munthu akagona vutolo limabisala. Amapaka mafuta oterera, natsata mtsempha waukulu wochokera m'kati mwa kakolo mpaka m'mphechepeche. Kenaka amafinya katumba ndi kusiya. Magazi akabwerera m'munsi kupitirira theka la sekondi, ndiye kuti kachitseko kafa. Nzeru yoonera kumene magazi akuloŵera inachokera kwa Christian Doppler wa ku Austria, m'chaka cha 1842.

Chachikulu koposa, amaunikanso mitsempha ya m'kati mwenimweni. Akaisindikiza koma osaphwatalala, mwina muli magazi oundana. Ameneŵa akhoza kuthothoka ndi kukatseka m'mapapo. Ndiponso ngati ya m'kati yatsekeka, yotupa ya kunja ija sachotsa, chifukwa ndiyo njira yotsala.

Tsono mvetsani. Khungu likayamba kuda ndi kuyabwa pamwamba pa kakolo, kapena pakabuka chilonda chosapola, pitani ku chipatala cha boma ku Salima. Kukafunika, adzakulemberani kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi ndi kuŵaŵa, makamaka mutangochira kumene, musadikire kuti kuche.

Chonde musatemere mphini pa mitsempha imeneyi. Ukaphulika, gonani pansi, kwezani mwendo pa mpando, sindikizani pa bala ndi nsalu yoyera, wina athamange kukafuna galimoto.