Tambala Wanu ndi Tulo ta Anzanu



Lero tikambe za tambala. Kumudzi kumene nyumba zili patalipatali, kulira kwa tambala sikuvuta munthu. Koma pa sukulu, pa chipatala ndi m'malokeshoni nyumba zimamangidwa mogundana, ndipo tambala mmodzi akhoza kudanitsa mabanja amene anali kupatsana moto ndi mchere. Namwino wochezera ntchito usiku, wodwala ndi mayi wa khanda, onsewa afuna tulo.

Choyamba tidziwe chimene tambala alirira. M'chaka cha 2013 akatswiri a pa Yunivesite ya Nagoya ku Japan anatsekera atambala m'chipinda cha kuwala pang'ono kosasintha usana ndi usiku. Atambalawo analirabe pa nthawi yawo ya mbandakucha, pakuti ali ndi wotchi m'thupi mwawo. Anapezanso kuti kuwala ndi kulira kwa tambala mnzake kumawonjezera phokosolo. Mu 2015 anaonetsa kuti tambala wamkulu ndiye ayamba, ena natsatira monga mwa ukulu wawo.

Tsono kumenya tambala kapena kumuponya miyala n'kutaya nthawi. Simungamuletse kulira, koma mukhoza kuchepetsa phokoso. Njira zake ndi izi.

Chepetsani atambala. Mmodzi akwanira mathadzi 10. Atambala ang'onoang'ono ayamba kulira atatha miyezi 4 kapena 5. Agulitseni kapena kuphera alendo asanayambe kupikisana. Ndiponso amangodya madeya ndi kumenyana.

Ngati mufuna mazira akudya okha, tambala safunika konse. Thadzi liikira popanda iye, ndipo mazira otere sayamba kuumba mwanapiye nyengo yotentha. Mukafuna anapiye, bwerekani tambala masiku owerengeka, kapena gulani mazira kwa mnzanu woweta, thadzi lanu lifungatire masiku 21.

Tambala agone m'khola, asagone mumtengo kapena pa denga. Khola likhale la zidina kapena lomata bwino, kuti mawu asapite kutali ndi kuti kuwala kwa magetsi ndi kwa galimoto kusalowe. Koma siyani timipata m'mwamba polowera mpweya, chifukwa khola losapita mphepo libala matenda. Mutsegule dzuwa litatuluka, anthu atadzuka.

Pomanga khola yang'anani zenera la chipinda chogona cha mnzanu. Khola likhale kutali nalo, ndipo khomo lake lipenye kwanu.

Ena amamanga kansalu pakhosi pa tambala kuti mawu achepe. Chenjerani nako, pakuti kakathina nkhuku ilephera kumeza ndi kupuma, ndipo ikhoza kufa.

Inu okhala m'tauni, yambani mwafunsa ku khonsolo ngati malamulo alola kuweta nkhuku pamene mukhalapo.

Chotsiriza, kambiranani. Ku France mlandu wa tambala wotchedwa Maurice unafika ku khoti mu 2019. Mwini tambala anapambana, koma panapita zaka ziwiri anansi akukangana. Inu amene tambala akusowetsani tulo, pitani kwa mwini wake masana, mtima uli pansi, musathire mankhwala m'madeya. Ndipo inu eni nkhuku, mnzanu akadandaula, mumvereni. Paja mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.