Njira ya ku Beira Itatsekeka

Anthu a ku Migodi adziwa bwino kuti mkuwa wambiri wokumbidwa ku Kitwe ndi ku Chingola sugulidwa konkuno. Popeza dziko la Zambia liribe nyanja ya mcere, mkuwawo uyenera kupyola maiko a eni kufikira ku madoko a zombo, ndipo limodzi la madokowo ndilo Beira m'dziko la Mozambique.

Usiku wa pa 14 March, m'caka ca 2019, namondwe wochedwa Idai anagwa pa mzinda wa Beira. Madenga anasasuka, magetsi anazima, ndipo lamya inaleka kumveka. Mitsinje ya Pungwe ndi Buzi inasefukira, niidula mseu waukulu wocokera ku Beira kunka ku Machipanda, pa malire a Zimbabwe. Bwalo la ndege linatsekedwa masiku angapo. Anthu oposa 1,000 anafa m'Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi, ndipo mwezi womwewo usanathe nthenda ya kolera inabuka m'mzindamo.

Pamenepo amalonda ndi oyendetsa malole anaona bvuto. Njira zina zinalipo ndithu: ya ku Dar es Salaam podzera pa Nakonde, kapena pa njanji ya TAZARA yocokera ku Kapiri Mposhi, ya ku Durban podzera pa Chirundu ndi Beitbridge, ndi ya ku Walvis Bay podzera pa mlatho wa Katima Mulilo. Koma kusintha njira si kutembenuza galimoto cabe. Makalata a kasitomu achula cipata cimene katundu adzaturukira, motero ayenera kulembedwanso. Malo m'combo cina ayenera kufunidwa, ndipo mtunda ukatalika, mafuta ndi misonkho ya pa mseu zicuruka.

Cifukwa cace munthu wa malonda, pomva mbiri ya tsoka lotere, asayambe wanyamuka. Ayambe wafunsa womuimira wa ku doko ngati mseu wakonzedwa, ndi ngati madzi akumwa alipo. Adziwitse msanga amene ayembekeza katundu kuti tsiku lasintha, pakuti wogula akhululukira kucedwa kumene anauzidwa kale, koma aipidwa ndi wogulitsa wongokhala cete. Ndipo asaumirize woyendetsa lole kuoloka madzi, popeza mkuwa suola ngakhale ukhale mwezi m'nyumba yosungiramo, koma munthu wokokoloka sabwera.

Akulu akale anati, safunsa anadya phula. Wodziwa njira ziwiri mvula isanagwe ndiye asunga cuma cace pamodzi ndi anchito ace.