Bajaji ili ndi mbiri yake, ndipo khonsolo ili ndi mbali yake



Dzina loti bajaji timalitchula tsiku ndi tsiku pa depoti ku Old Town, koma ambirife sitidziwa kuti ndi dzina la banja. Jamnalal Bajaj anali wamalonda wa ku India, mnzake wapamtima wa Mahatma Gandhi. Kampani ya banjali yomwe lero ndi Bajaj Auto inayamba mu 1945, ndipo poyamba sinkapanga kanthu. Inkangoitanitsa katundu kunja n'kumagulitsa, ngati mashopu athu a ku Malangalanga basi. Mu 1959 boma la India linaipatsa chilolezo chopanga njinga zamoto, ndipo inagwirizana ndi Piaggio ya ku Italy, eni ake a Vespa. Mu 1972 inatulutsa scooter yakeyake yotchedwa Chetak, dzina la hatchi ya mfumu ina yakale. Anthu ankalembetsa n'kudikira zaka kuti aigule. Zaka, osati miyezi! Kenako achinyamata anatembenukira ku njinga zamoto ngati Boxer, yomweyi ya anyamata a kabaza, Chetak n'kusiya kupangidwa. Inadzabweranso mu 2019, koma yoyendera batire.

Tsopano mvetserani za boma, chifukwa mpamene pagona nkhani. Mzinda wa Delhi unali utadzaza utsi. Mu 1998 khoti lalikulu la India linalamula kuti mabasi, mataxi ndi mabajaji amumzindawo asinthe n'kuyamba kuyendera gasi. Bajaj inapanga mabajaji a gasi, ndipo utsi unachepadi kwa kanthawi. Koma chiyambi chinali chowawa. Malo othirira gasi anali ochepa, madalaivala n'kumagona pa mzere m'malo monyamula anthu. Ife a ku Lilongwe za mzere wa mafuta palibe angatiphunzitse, eti? Anabweretsa galimoto asanakonze pomwetsera, ndipo amene analipira ndi dalaivala amene amadya za tsiku lomwelo.

Palinso kagalimoto ka matayala anayi, Qute. Anakaonetsa mu 2012, koma kunalibe lamulo lonena kuti kameneka n'chiyani, galimoto kapena bajaji. Kanayamba kugulitsidwa kunja, pomwe kwawo kanaloledwa mu 2018.

Nanga kuno? Ine maganizo anga ndi oti khonsolo ya mzinda wa Lilongwe iyeserere kaye pang'ono, isanalamule kapena kuletsa chilichonse. Itenge mabajaji amagetsi ochepa chabe, tinene khumi, aziyenda njira imodzi: Old Town, City Centre, mpaka ku Capital Hill. Aliyense amene anayendako wapansi kuchokera pa siteji kukwera kumaofesi a boma mu Okutobala akudziwa kuti pali anthu ofuna kukwera. Ayende miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo ya mvula, chifukwa maenje a mu Febuluwale ndiwo mayeso enieni. Tsiku lililonse zilembedwe: batire yatha pa ulendo wachingati, mtengo ukusiyana bwanji ndi wa minibasi, yawonongeka wakonza ndani.

Wina afunsa za magetsi, ndipo ali ndi mfundo. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira. N'chifukwa chake potchajira pakhale pa sola, ndipo pamangidwe bajaji isanafike, tisabwereze za ku Delhi zija.

Chomwe chikundikhudza kwambiri ndi oyendetsa. M'chipinda chino muli anthu a MSCE yabwinobwino amene akungokhala. Ena mwayamba kale kabaza opanda layisensi, kumangothawathawa apolisi. Ntchito yoyeserera ngati imeneyi itha kuyamba ndi maphunziro ndi layisensi, ndipo atsikana asasiyidwe, bajaji sifuna minofu.

Kalata yopita ku Civic Offices tailemba kale, ili ndi a sekilitale. Iwerengeni musanasayine, ndipo pomwe simukugwirizana napo lembani m'mbali ndi pensulo. Amene muli ndi layisensi kale, siyani maina anu pakhomo potuluka.