Za Makolo a Ana Akhungu ndi Ogontha: Mau Olalikidwa pa Nayuchi

Tamva za mkangano umene unabuka pakati pa makolo kuno ku Nayuchi, ndipo sitingathe kukhala cete. Anasonkhana kuti apemphe mphunzitsi mmodzi wa ana olumala, koma anabalalika osamvana. Makolo a ana akhungu anati, Atipatse wodziwa malemba a Braille, aja owerenga ndi zala. Makolo a ana ogontha anati, Iai, koma wolankhula ndi manja. Pakuti wakhungu amamva ndithu zonenedwa m'kalasi, koma wathu angokhala ngati mlendo. Ndipo mai wina, amene mwana wace amagwa khunyu nacedwa kugwira maphunziro, anaturuka osanena kanthu.

Ameneyo ndiye watilasa mtima. Wakhungu angathe kutumizidwa ku Chilanga, ku Kasungu. Wogontha ku Mua kapena ku Mary View, ku Nguludi, cinkana kuli kutali ndipo ulendo wace umadya ndalama. Nanga mwana wa mai uja apite kuti? Sukulu yaulere inayamba mu 1994, koma iye akali kuingitsa mbalame m'minda ya mpunga.

Kumbukirani Marko 7 ndi 8. Wogontha Ambuye anamkhudza makutu ndi lilime. Wakhungu wa ku Betsaida sanapenye bwino kufikira atamuika manja kaciwiri, ndipo Ambuye sanatope naye. Sanafunsenso kuti wobvutika koposa ndani.

Tsono inu aphunzitsi a m'midzi, lembani maina a ana onsewa pa kalata imodzi, wa khunyu uja akhale woyamba. Ife tidzapita nayo tokha ku boma ku Machinga. Pakali pano, wogontha mumkhazike patsogolo, kuti aziona milomo yanu.